AKAPITAO OSAONEKA A M'THUPI MWATHU, NDI NTHENDA YOBISALA YA KAPAMBA

Okondedwa a m'mabanja, makamaka inu okhala m'malaini a ku Satemwa, ku Makwasa, ku Naming'omba ndi ku Conforzi, ndi inu a m'midzi yozinga minda ya tiyi: mwezi uno tifuna kucheza nanu za nthenda imodzi imene ipha anthu mwakachetechete, ndi za kanthu kakang'ono koposa kamene anthu anzeru anakapeza m'thupi la munthu. Musaope mau achilendo amene mudzakomana nao pano. Tidzawanyema pang'ono pang'ono, monga mai anyemera nsima mwana wache. Pakuti nkhani iyi siiri ya madotolo okha ai. Ife amene nchito yathu itifikitsa pa mphasa za odwala ndi pa mabwalo a maliro, tamva kawirikawiri funso lomwelo lakuti: "Wamchita ndani?" Ndipo taona mabanja alikupasuka chifukwa cha yankho lonama la funso limeneli.

KODI KAPAMBA AMENEYU NDI UTI?

M'chinenero chathu dzina la kapamba liri ndi eni ache awiri. Woyamba ndiye uja atupa kumanzere kwa mimba ya mwana wodwaladwala malungo. Za iye sitinena lero. Wachiwiri ndiye amene madotolo amtcha pancreas. Iye agona chopingasa kuseri kwa chifu, pafupi ndi msana, ndipo kutalika kwache kuli ngati masentimita 15. Nchito zache ziri ziwiri: apanga madzi ogaya chakudya, nawatsanulira m'matumbo kudzera m'tinjira tache; ndiponso apanga insulin, imene iweruza kuchuluka kwa shuga m'magazi. Mutu wa kapamba ameneyu ukumbatira njira imene ndulu itsikiramo pochokera ku chiwindi kunka m'matumbo.

Khansa ya kapamba iyamba kawirikawiri m'tinjira tija tonyamula madzi ogaya. Popeza chiwalochi chiri mkati mwenimweni, dzanja la dotolo silingakhudze chotupa chikali chaching'ono, ndipo mwini thupi samva kanthu nthawi yaitali. Zizindikiro zikayamba, zifanana ndi za nthenda zimene tizizolowera: kupweteka pa chifu kopyoza kufikira kumsana, kusafuna chakudya, kuonda. Ena agwidwa ndi nthenda ya shuga mwadzidzidzi atakula kale. Chotupa chikamera ku mutu wa kapamba chipsinja njira ya ndulu, ndulu nibwerera m'magazi: maso asanduka achikasu, mkodzo uda ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chiyera, ndi khungu linyerenyesa.

M'chaka cha 2022 anthu oposa 500,000 pa dziko lonse anapezeka ndi nthendayi, ndipo oposa 460,000 anafa nayo. Ku America, kumene kuli zipatala zokhala ndi zipangizo zonse, chiwerengero cha 2024 chinaonetsa kuti pa odwala 100, 13 okha ndiwo akhala ndi moyo zitapita zaka 5. Koma taonani kusiyana uku: pa amene chotupa chinapezeka chisanatuluke m'kapamba, otsala ndi moyo anali 44 pa 100, pa amene chinali chitafalikira kutali, anali 3 okha. Njira yochotsera chotupa ndi mpeni iripo. Dotolo Allen Whipple wa ku New York anailongosola m'chaka cha 1935, ndipo itchedwa ndi dzina lache kufikira lero. Komatu pa odwala 5, mmodzi yekha, kapena osakwana ndi mmodzi yemwe, afika ikali nthawi yakuti opaleshoni imeneyi ithandize. Chotero m'nthenda iyi chuma chachikulu koposa ndicho nthawi.

Kwathu kuno khansa zochuluka ndizo ya khomo la chiberekero, ya Kaposi ndi ya kum'mero. Ya kapamba siiri pakati pa zotsogolazo, koma iripo ndithu, ndipo ikalowa m'nyumba isiya zipsera zoposa imfa yokha.

ZIMENE TINAONA M'MALAINI

Tikumbukira bambo wina wa zaka ngati 55, wotchola tiyi chiyambire unyamata wache. Mimba inayamba kumpweteka m'mwezi wa December, nyengo imene tsamba lichuluka, ndi dengu lolemera lionjezera malipiro. Anati mumtima mwache: "Ndidzapita ku chipatala tsamba likachepa", nagula mapiritsi a zilonda za m'mimba m'golosale. Mwezi ndi mwezi anaboola chiboo chatsopano pa lamba wache. Anansi anayamba kunong'onezana kuti ndi kachilombo. Iye anakayezetsa, napezeka alibe. Pamenepo abale ache anati anadyetsedwa pa mowa, natchula mnzache wina amene anakangana naye pa sikelo. Mbuzi ziwiri zinagulitsidwa, ndalama nizithera kwa oombeza. Maso atasanduka achikasu m'mwezi wa April, ndipo anamtengera ku chipatala chachikulu ku Blantyre; kumeneko anaunika m'mimba mwache, napeza chotupa cha kapamba chitafika kale ku chiwindi. Anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Maliro asanathe, alongo ache anati mkazi wache anali m'chiwembu, namlanda katundu wa m'nyumba. Ndi mnzache uja anathawa pa esiteti usiku, kusiya nchito ya zaka zambiri.

Nthenda inapha munthu mmodzi. Kusadziwa kunalanga ena awiri osalakwa. Chifukwa chache tiyesa nkoyenera kuti mabanja amve kumene chotupa chotere chichokera.

OFESI, KALATA NDI KAPITAO

Thupi la munthu limangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Tiyerekeze selo limodzi ndi esiteti. Pakati pache pali ofesi, ndi mu ofesimo muli buku lalikulu la malamulo, lotchedwa DNA, limene munthu alilandira theka kwa atate ache, theka kwa amache. M'bukumo muli malamulo ngati 20,000 a kapangidwe ka mapuloteni, ndiwo zipangizo zimene thupi limangira ndi kugwirira nchito zache zonse. Buku silituluka mu ofesi. Lamulo likafunika, likopedwa pa kalata, monga kalaliki akopera mau a bwana; kalatayo, yotchedwa RNA yamthenga, inka ku fakitale ya selo, ndi komweko puloteni ipangidwa.

Tsono pali chodabwitsa. Selo la diso ndi selo la kapamba ali ndi buku limodzimodzi, koma diso silipanga insulin, ndi kapamba sapenya. Kusiyana kwao kuchokera pakuti si malamulo onse awerengedwa ponseponse, kapena pa muyeso umodzi. Njira imodzi imene selo liweruzira zimenezi ndi iyi: pa msewu wa pakati pa ofesi ndi fakitale paima kapitao. Iye ndiye kachidutswa kakafupi ka RNA, ka zilembo ngati 22 zokha. Ikadutsa kalata imene zilembo zache zigwirizana ndi zache za iye, aigwira, nailetsa kuwerengedwa, kapena aipereka kuti ing'ambidwe. Kapitao ameneyu dzina lache ndi microRNA. Mau akuti micro achokera ku Chigriki, ndipo atanthauza chaching'ono. M'thupi la munthu muli mitundu yao yoposa 1,000, ndipo mmodzi yekha akhoza kuletsa makalata ambiri osiyanasiyana.

Inu a m'minda mudziwa bwino phindu la kuletsa. Tiyi wosiyidwa yekha asanduka mtengo wautali wopitirira denga la nyumba. Chimene chisunga munda wosalala ngati tebulo ndiwo mpeni wa wodulira ndi zala za wotchola, zimene zichotsa masamba awiri ndi kamphukira nthawi ndi nthawi. Momwemonso maselo athu akhala m'malire ao chifukwa alipo owauza kuti: "Basi, pakwana."

ANAWAPEZA BWANJI?

Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha. Akapitao amenewa sanapezedwe m'chipatala ai, koma m'kanyongolotsi ka m'dothi kotalika milimita 1, kotchedwa C. elegans. Anthu awiri a ku America, Victor Ambros ndi Gary Ruvkun, anafuna kudziwa chifukwa chache tinyongolotsi tina tolumala sitikhwima pa nthawi yache. M'chaka cha 1993 Ambros ndi anzache Rosalind Lee ndi Rhonda Feinbaum anaonetsa kuti lamulo lina la m'buku, lotchedwa lin-4, silipanga puloteni konse, koma kachidutswa kakafupi ka RNA. Ndipo iye ndi Ruvkun, polinganiza zimene anapeza, anaona kuti kachidutswako kagwira kalata ya lamulo lina, lin-14, nikailetsa. Anzeru ambiri anayesa kuti ndi mwambo wa nyongolotsi zokha, ndipo kwa zaka 7 nkhaniyo inagona. M'chaka cha 2000 a m'nyumba ya Ruvkun anapeza kachidutswa kachiwiri, let-7, naona kuti kali mu ntchentche, mu nsomba ndi mwa munthu yemwe. Pa 7 October 2024, zitapita zaka 31, mau anamveka ku Stockholm akuti awiriwa alandira mphotho ya Nobel ya za mankhwala.

PAMENE KAPITAO ASIYA NCHITO YACHE

Selo likafuna kugawikana, liyenera kukopa buku lonse. Ndipo wokopa aliyense, angakhale wosamala chotani, aphonya chilembo nthawi zina. Pa zaka zambiri zolakwa ziunjikana, ndi utsi wa fodya uzichulukitsa. M'bukumo muli lamulo lotchedwa KRAS, limene liuza selo kuti: "Kula, gawikana." Likalembedwa molakwa, lifuula mau amenewa usana ndi usiku kosaleka. Pa zotupa 100 za m'tinjira ta kapamba, zoposa 90 ziri ndi KRAS wolakwa chotero.

Kodi akapitao ali kuti pamenepa? M'chaka cha 2002 George Calin ndi Carlo Croce, ku Philadelphia, anayamba kuonetsa kuti m'khansa ina ya magazi akapitao awiri, miR-15 ndi miR-16, asowa pa malo ao. M'chaka cha 2005 a m'nyumba ya Frank Slack ku Yale anapeza kuti let-7 uja wa m'nyongolotsi ndiye mmodzi wa ogwira makalata a banja la RAS. Ndipo m'chaka cha 2007 dotolo Mark Bloomston ndi anzache ku Ohio anasanthula zotupa za kapamba za odwala 65, napeza kuti akapitao 21 achuluka kupyola muyeso, ndi 4 achepa, polinganiza ndi mnofu wabwino.

Kuonongeka kuli pawiri. Akapitao okhulupirika, monga let-7 ndi miR-34a, amene nchito yao ndi kuletsa makalata a kukula, achepa m'zotupa zambiri. Ena, monga miR-21 ndi miR-155, achuluka; ndipo miR-21 agwira makalata a malamulo amene akadaletsa chotupa, monga mlonda womanga anzache kuti mbala idutse. Madotolo anaonanso kuti odwala amene chotupa chao chiri ndi miR-21 wambiri sathandizidwa bwino ndi gemcitabine, mankhwala amene agwiritsidwa nchito pa nthendayi chiyambire 1996.

Mverani tsono, abale: chotupa ndiwo mnofu wa mwini thupi, umene wasiya kumvera malamulo. Sichithiridwa m'chikho cha mowa, sichitumizidwa usiku, ndipo sichipatsirana; mukhoza kudya mbale imodzi ndi wodwala, kumsambitsa ndi kumchapira, osaopa kanthu. Pa odwala 10, mmodzi ali ndi chizolowezi cha nthendayi ku mtundu wache. Koma cholandira kwa makolo sichiri mlandu wa munthu.

CHIYEMBEKEZO, NDI MALIRE ACHE

Madotolo ayembekeza zinthu ziwiri kwa akapitao amenewa.

Choyamba ndicho kuzindikira nthenda msanga. M'chaka cha 2008 anzeru a ku Seattle anaonetsa kuti tizidutswa timeneti tiyenda m'magazi osaonongeka msanga. Ndiko kunena kuti chotupa chobisala kuseri kwa chifu chisiya mapazi ache m'dontho la magazi a pa mkono. M'chaka cha 2014 madotolo a ku Denmark anayesa kuzindikira khansa ya kapamba mwa njira imeneyi. M'mwezi wa April 2024 a m'nyumba ya Ajay Goel, ku chipatala cha City of Hope ku California, anauza msonkhano wa akatswiri a khansa kuti, pophatikiza kuwerenga microRNA ndi chiyeso chakale chotchedwa CA 19-9, anazindikira 97 pa 100 mwa odwala a ku America amene nthenda yao inali ikali poyamba. Ndi mau okondweretsa. Komatu anthu amenewo anali odziwika kale kuti ali ndi nthendayo. Kupeza wodwala mmodzi pakati pa khamu la anthu oyenda bwino, osaopseza ena chabe ndi yankho lonama, ndi nchito yovuta koposa, ndipo ikali kuyesedwa.

Chachiwiri ndicho kuchiza: kubwezera kapitao wokhulupirika amene wasowa, kapena kumanga wopanduka amene wachuluka. M'mbewa zoyesera zinthu izi zachepetsa zotupa. Mwa anthu njira yakhala ya minga. M'chaka cha 2013 anayamba kuyesa mankhwala otchedwa MRX34, ofanana ndi miR-34a, pa odwala khansa zofalikira kale. M'chaka cha 2016 analeka, pakuti chitetezo cha thupi chinaukira mankhwalawo mwaukali, ndipo odwala 4 anafa. Chotupa cha kapamba chionjezera vuto lina: chidzizinga ndi mnofu wolimba ngati linga, umene mankhwala aulowa movutika. Kufikira chaka cha 2024, chimene mphotho ija inaperekedwa, panalibe mankhwala a microRNA ngakhale amodzi ololedwa kuchiza khansa iriyonse. Chotero wina akadza m'malaini ndi botolo lolembedwa mau ozama, nati lichiza khansa, gwirani thumba lanu zolimba.

KODI ZIMENEZI ZIDZAFIKA KU THYOLO?

Wina adzati: "Izi nza ku America, ife a dengu kumsana zitikhudza bwanji?" Achikulire pakati panu akumbukira zaka zimene maliro a Edzi anali tsiku ndi tsiku m'boma lino. Mankhwala atatu ophatikiza anayamba kupulumutsa anthu ku maiko olemera m'chaka cha 1996, ndipo ambiri anati sadzafika konse kwa osauka. M'chaka cha 2003 madotolo a Médecins Sans Frontières, pamodzi ndi chipatala cha boma cha Thyolo, anayamba kupereka ma ARV kuno. Ndi m'chaka cha 2004 boma linayamba kuwapereka kwaulere m'dziko lonse. Ndiponso zindikirani ichi: chiyeso chija cha viral load, chimene akumwa ma ARV achidziwa bwino, ndicho kuwerenga RNA ya kachilombo m'magazi. Luso la kuwerenga RNA m'magazi liri kale m'manja mwa ana a dziko lino. Chiyeso cha khansa ya kapamba chikadzatsimikizika, padzafunika zambiri, makamaka madotolo a opaleshoni yovuta ija. Koma sitidzayambira pa thengo ai.

CHOCHITA IFE LERO

Pakali pano chiyesocho mulibe m'zipatala zathu, ndipo maso a banja ndiwo alonda oyamba. Nkhanga zinapangana kusanapse. Nafenso tipangane zinthu izi.

Munthu wamkulu maso ache akasanduka achikasu, apite ku chipatala sabata yomweyo, tsamba lichuluke chotani. Chikasu chidza ndi nthenda zambiri, monga kutupa kwa chiwindi ndi miyala ya m'ndulu, ndipo zambiri mwa izo zichizika; koma wosiyanitsa ndiye dotolo. Momwemonso munthu wopitirira zaka 50 akaonda popanda chifukwa, kapena mimba ikampweteka kufikira kumsana masabata angapo, kapena shuga ikamdzera pamodzi ndi kuonda, asakhulupirire mapiritsi a m'golosale. Mankhwala a ku kiliniki akapanda kuthandiza, bwererani komweko, nimunene zonse poyera, nimufunse mwaulemu ngati nkotheka kumtumiza ku chipatala cha boma cha Thyolo, ku Malamulo, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kuti akamuunike m'mimba. Safunsa anadya phula. Inu amai, amene muona msanga mbale yobwerera yosatha ndi lamba wosagwira, musakhale chete. Ndi inu akapitao a m'minda, munthu wanu akafooka pa mzere, mumlimbikitse kupita, asaope kutaya tsiku.

Fodya, angakhale wa m'paketi kapena chingambwe, achulukitsa ngozi ya nthendayi pafupifupi kawiri, ndipo pa odwala 4, mmodzi aidwala chifukwa cha iye. Kachasu wa zaka zambiri atupitsa kapamba, ndi kapamba wotupa kosaleka ndiye munda umene khansa imeramo mosavuta. Wosiya zimenezi lero wayamba kale kuchepetsa ngozi yache.

Ndipo dotolo akanena kuti chotupa sichingachotsedwe, musayese kuti chithandizo chatha. Ululu wa nthendayi ndi waukulu, koma uli ndi mankhwala ache: morphine wa madzi, womwa pa maola oikika, aleza ululu, munthu nagona tulo, nalankhula ndi ana ache ali ndi nzeru zache zonse. Ku Queen Elizabeth kuli a Tiyanjane, amene nchito yao ndi kusamala odwala otere. Funsaninso ku chipatala cha boma za chisamaliro chomwecho. Mbuzi ndi munda zitsalire ana amasiye. Masiku otsala a wodwala akhale a kulongosola za nyumba yache ndi kuyanjana ndi abale, ndipo pa maliro ache pasaloze munthu chala kwa mkazi wamasiye kapena kwa mnansi.

Werengerani mau awa iwo amene sadziwa kuwerenga, madzulo mukaweruka. Tsalani ndi mtendere m'nyumba zanu, kufikira tidzachezanso mwezi wa mawa.

Ndife anu,
Mphunzitsi wa ku Thyolo.